Gologolo Amene Adapulumutsa Mtima wa Muula

Padangokhala, kalelo nyama zikadakwatirana ndi kuzengana milandu ngati ife, padali gologolo wina dzina lake Kamchira. Mwati tili tonse? Chabwino. Koma ndikuuzirenitu, nkhani iyi ndi yowawa. Mukaseka koyambiriraku, musadzandinene kumapeto.

Kamchira adabadwira kumiyala, kumene agologolo amagona m'ming'alu ya matanthwe. Atakula adafunsira mkazi kwa agologolo a mumtengo, dzina lake Nangondo, nakhala komweko pachikamwini. Mudzi wa mkazi wakeyo udali mtengo umodzi wa muula, waukulu, wakalekale. Maula ake ndiwo adali chakudya chawo, nthambi zake ndizo nyumba zawo. Mwini mbumba adali mlongo wake wa Nangondo, a Mdzinga, gologolo wa pakamwa koma wamantha ngati nkhuku.

Za chikamwini mukuzidziwa. Ukalima bwino, ati ndi mvula. Ukaphonya pang'ono, ati tidanena ife. Kamchira adabereka ana awiri pamudzipo, woyamba mtsikana dzina lake Tiferanji, koma a Mdzinga ankamutchulabe "uja wa kumiyala". Ankamukumbutsanso kawirikawiri kuti mkamwini ndi mlendo. Tsiku lomupitikitsa adzanyamuka ndi mchira wake wokha, ana adzatsala, chifukwa ana ndi a kuchikazi. Mawu amenewa ankamupweteka Kamchira. Njala ankaipirira, chipongwe ankachimeza, koma zosiyana ndi ana ake sakadazipirira. Choncho ankafunafuna mpata woti achite chinthu chachikulu, choti mbumba yonse inene kuti uyu yekha asachoke.

Tsiku lina m'mawa kudafika a Nungu, amene kale adali mkulu wa asilikali a mfumu. Adaima patsinde pa muula nagwedeza mikondo yawo ya kumsana.

"Odi kumwambako!"

Kumwambako a Mdzinga adabisala kuseri kwa nthambi nakankha mlamu wawo. "Tsikani alamu, inu ndiye mudazolowera pansi."

Kamchira adatsika. "Mwadzuka bwanji akuluakulu?"

"Ndadzuka mphwanga. Sindidadzere nkhondo ayi. Ndakalamba, msana ukuwawa, kukumba una kwandikanika. Ndaona kabowo aka patsindepa, kamene udasiya moto wa m'tchire. Ndikufuna ndikakuze, ndiseme m'katimu, ndichotsemo mtima wa mtengowu, mukhale nyumba yanga ndi mkazi wanga. Inu kumwamba, ife pansi, sitidzavutana."

"Mwati mtima?"

"Mtima, eya. Kwathu tidakhalapo m'mphako zaka zambiri, mtengo osafa."

Kamchira adati chamumtima, bodza ili! Iye adaonapo mbawala italasidwa pamtima, idafera pomwepo. Iyenso kabawi adamung'ambapo chikopa cha pamsana, koma mwezi usadathe bala lidapola. Ndiye ankadziwa ndithu kuti chamoyo chilichonse moyo wake uli m'kati, khungu ndi chofunda chabe. Agologolo onse ankaganiza choncho. Ngakhale inu mukadatero, musanamizire nzeru.

Koma mungamukanize bwanji mkulu woyenda ndi mikondo mazana kumsana?

"Zamveka akuluakulu," adatero Kamchira. "Koma musadavutike, ndikutengereniko kachidutswa ka mtimawo, mulawe kaye."

Adazungulira kuseri, natola nsangalabwi, naipaka katondo ndi fumbi la mtengo, nabwera nayo pamanja awiri mwaulemu. A Nungu adaiponya m'kamwa, naluma. Gwa! Dzino lidabenthuka.

"Mayo ine! Ichi n'chiyani?"

"Pepani akuluakulu. Kameneko ndi kofewa, ka m'mphepete. M'kati mwenimwenimo ife timanolera nkhwangwa."

"Ha! Ndiye ndithera mano onse."

"Muthera ndithu. Koma mlendo sabwerera chimanjamanja. Talawani khungwa ili, la mbali ya kum'mawayi."

A Nungu adalawa. Pamwamba padali pouma, koma pansi pake padali ponyowa, potsekemera. Adadya, adadya, kuyambira pansi mpaka pamene khosi lawo linkafika. Atakhuta adathokoza napita, nasiya mbali ya kum'mawa ili mbee.

Kamchira adakwera mchira uli m'mwamba, nayamba nyimbo. Idali nyimbo yothamanga, yonyoza wamphamvu wopanda nzeru, yonena kuti wobwera kudzatenga mtima wabwerera ndi chikopa, ndipo chikopa chimamera china pamene mtima sumeranso. Iye ankatsogolera, ana ankavomera polekezera, akuomba m'manja. Nangondo adalulutira. A Mdzinga adatuluka kobisala kuja nati, "Nzeruyo ndimati ndikuuzeni ndine, mwangondiyambirira."

Patapita mwezi, a Nungu adabweranso.

"Mphwanga, dzino lapola. Ndafunsa anzanga, akuti mtima wa muula ndi wolimba inde, koma suthyola dzino. Lero ndiyamba kusema."

Koma Kamchira adali atakonzeka. Adali atatola chikopa chimene mamba adafundula kutchire, nachilowetsa m'kabowo kaja, nasiya mchira uli panja.

"Semani akuluakulu, ife tikondwa. Kungoti mugogode kaye, eni ake ali m'katimo."

"Eni ake ati?"

"Si awo mchira wawo uli apowo? A Mamba. Adalowa dzana. Ifenso sitikupuma bwino. Mwina inu ndi mikondo yanuyo mungatichotsere."

A Nungu adasuzumira, nabwerera chambuyo, minga ili nyanyu. "Ayi, ayi, usawadzutse. Ine ndidapuma usilikali."

"Pepani kwambiri. Koma musapite ndi njala. Khungwa la kumadzuloli ndiye lonona kuposa lija."

Adadyanso mpaka mimba ndi, napita. Nyimbo ija idaimbidwanso, ulendo uno mbumba yonse idavomera, ndi a Mdzinga omwe. Patsinde padatsala kakhungwa kamodzi kokha, kopapatiza ngati lamba, kolumikiza khungwa la kumwamba ndi la kumizu.

Masiku omwewo kudadutsa a Gogomole, mbalame imene idali sing'anga wa mitengo. Ntchito yawo idali kugogoda mitengo ndi mlomo n'kumvetsera za m'kati mwake. Adatera pamuula, go go go, namvetsera. Atayang'ana patsinde adagwira pakamwa.

"Wachita izi ndani?"

"Ndine, ang'anga," adayankha Kamchira, chifuwa chili patsogolo.

"Iwe mwana, tamvera. Kakhungwa katsalaka ukasamale ngati diso lako. Mtengo wonsewu ukudyera pamenepa."

"Mtengo kudyera pakhungu?" A Mdzinga adaseka chikhakhali. "Abale, woboola mitengo tsiku lonse ndiye atiphunzitse kusamala mtengo?"

A Gogomole adali a mtima wapachala. "Ndanena," adatero, nauluka. Akadakhala odekha akadafotokoza zonse tsiku lomwelo, koma tsoka silinunkha.

Mitambo itayamba kusonkhana, a Nungu adabwera kachitatu. Ulendo uno adali ndi mkazi wawo, ali ndi pakati potopa, akuyenda mokoka miyendo.

"Mphwanga, ndazonda kabowo aka masiku asanu. Mchira uja sukusuntha. Chija n'chikopa chouma, mulibe njoka. Mvula ili pafupi, mayi awa masiku awo akwana. Ndikupempha, tisiye tilowe."

Osadikira yankho adayamba kusema. Tizidutswa tofiira tidayamba kugwa. Kamchira mutu udazungulira, koma lilime lake silinkachedwa.

"Imani akuluakulu! Ine ndimakubisirani, poti ndi za eni mudzi. M'katimo mumagona mizimu ya makolo a akazi anga. Mayi wapakati akalowamo, mwana amabadwa wopanda minga, wosalala ngati mbewa."

Mkazi wa a Nungu adagwira mimba yake. "Bambo, tiyeni tizipita. Ine mwana wopanda minga ayi."

A Nungu adapsa mtima, mikondo yonse idaima. "Katatu konse ndibwerere chabe? Undipatse chinthu chooneka, apo ayi ndilowa, mizimuyo tikaonana konko!"

Kamchira adayang'ana kabowo kaja. Adayang'ana kakhungwa kaja. Mawu a a Gogomole adamubwerera. Koma nanga apereke mtima wa mtengo chifukwa cha mawu a mbalame? Kumwamba kudamveka kunong'ona kwa a Mdzinga: "Apatseni khungwalo alamu, mukuchedweranji?"

Kamchira adaloza kakhungwa kaja. "Kakhungwa katsalaka, akuluakulu, timasungira dala. Ndi mankhwala a amayi apakati. Akadya, mwana amabadwa ndi minga yokwana. Sitipatsa munthu wamba, koma inu tengani."

Mayi uja adadya, mwamuna wake namalizitsa. Sizidatenge nthawi. Tsinde lonse lidayera kuzungulira, osatsala ndi pang'ono pomwe. A Nungu ndi mkazi wawo adapita kukasaka pokhala kwina. Mbumba idayambitsa yokha nyimbo ija, koma Kamchira ankatsogolera maso ali patsinde.

Mvula idagwa, muula udaphuka masamba obiriwira. Kamchira ankadzuka m'mawa uliwonse kuyang'ana kunsonga, osaona cholakwika. Nyengo ya maula itafika, abale inu, mtengo udabereka zosaonekapo! Nthambi zidawerama, maula ake aakulu, otsekemera ngati uchi. Agologolo adadya mpaka kutaya. A Mdzinga adasonkhanitsa mbumba nati, "Awa ndi alamu anga enieni. Ndani adati ndi a kumiyala? Pano sadzachoka." Adamupatsa nthambi ya pamwamba kuti amangepo nyumba. Tsiku limenelo Kamchira adanyamula Tiferanji pamsana nazungulira naye mtengo wonse. Pa moyo wake wonse, chaka chimenecho chokha ndicho adakhala mtima uli m'malo.

Nangondo yekha ndiye adaona kanthu. "Bambo a Tife, taonani pamwamba pa balapa. Khungwa latupa ngati mlomo wolumidwa ndi njuchi. Koma pansipa pakungouma."

"Ndiko kupola kwake, mayi. Bala limayamba latupa."

Mvula ina itabwera, mitengo yonse idaphuka. Muula udatulutsa timasamba tochepa, tachikasu, ndipo kunsonga kudangokhala mbuu. Kamchira adati mwina wachedwa chabe. Adadikira sabata, adadikira mwezi. Kenaka timasamba tija tidayamba kugwa, yoyoyo, mvula ili pakati. Mantha adamugwira. Adayenda masiku awiri kufunafuna a Gogomole, atawapeza adagwada.

"Ang'anga, ndakupembani, iwalani chipongwe chija. Mtengo wathu ukudwala."

A Gogomole adabwera. Adagogoda kumwamba, adagogoda pakati, adatsika patsinde.

"Kakhungwa kaja kali kuti?"

"Ndidapereka. Koma mtima ndidaupulumutsa, ang'anga! Tagogodani mumve, uli wonse."

"Uli wonse inde. Bwera kuno uone." Adajompha pabala paja, naonetsa Kamchira. "Mtengo si nyama, mwana iwe. Ukuona poyera apa, pansi pa pamene padali khungwa? Umu ndimo mumakwera madzi kuchokera kumizu kupita kumasamba. Njira imeneyi a Nungu sadaidule, n'chifukwa chake masamba adakhalabe obiriwira. Koma pali njira ina, yotsika. Masamba akaotha dzuwa amapanga chakudya, ndipo chakudyacho chimatsikira kumizu kudzera m'kati mwa khungwa, ponyowa paja, potsekemera paja. Unkaganiza kuti a Nungu ankakomedwa ndi chiyani? Ankadya chakudya cha mizu, ndi njira yake yomwe."

"Nanga maula aja? Mtengo wodwala ungabereke chotero?"

"Chakudya chidasowa potsikira, chidangodzazana kumwamba. China chidatupitsa khungwa apa, china chidalowa m'maula. Inu munkadyerera kumwamba, mizu ikufa ndi njala pansi. Tsopano yafa, palibenso wotunga madzi."

Kamchira adaloza kabowo kaja. "Nanga mtima ntchito yake n'chiyani?"

"Mtima udauma kalekale, agogo a mkazi wako asadabadwe. Chaka chilichonse mtengo umawonjeza mnofu watsopano kunja, pansi pa khungwa, wakale wa m'kati n'kumauma, n'kumafiira. Umangokhala mzati wochirikiza. Ndaona mitengo yambiri ya mphako yoti mungagonemo mbuzi, ikubereka chaka ndi chaka. Ukadawalola a Nungu, akadasema nyumba yawo m'kati, kunjaku n'kutsala kokwanira kuimika mtengo. Bwenzi lero muli pamodzi."

"Ndiye kuti sankanama?"

"Sankanama."

Kalanga ine! Mawu amenewa adamupyoza Kamchira kuposa mkondo. Adagwira mapazi a sing'anga uja. "Mankhwala alipo, ang'anga. Nenani, kulikonse ndipita."

"Kakhungwa kaja kakadatsala, bala likadatsekeka pang'onopang'ono kuchokera m'mbali. Pano ndilibe chonena. Pepa." Adauluka osalandira ndi chipondamthengo chomwe.

Koma Kamchira sadavomere. Si iye adagonjetsa mkulu wa asilikali katatu? Adathamangira kuchulu, nakanda dothi, namata tsinde lonse kuzungulira, bwinobwino ngati nkhokwe. Adati chakudya chidutsa m'dothimo. Mvula idagwa, dothi lidasungunuka, bala lidatuluka lili lakuda. Masamba adapitiriza kugwa.

Adapita kumtengo wina wa muula kutali, nasenda khungwa ndi mano mpaka m'kamwa mudatuluka magazi. Adalikoka tsiku lathunthu, naliphimba pabala, nalimanga ndi luzi. Ankabwera m'mawa uliwonse kudzaona ngati lagwira. Khungwa lija lidangouma, lidapindika, n'kugwa lokha. Tsiku limenelo nthambi ya pamwamba, ija adamangapo nyumba, idathyoka ndi kamphepo kachabechabe. Mwayi ana adali pansi.

Atasowa pogwira adaganiza kuti, ngati njira yotsikira chakudya yaduka, chakudyacho ndichitsitsa ndekha. Adatenga maula ouma amene banja lake lidasunga, nayamba kutsika nawo limodzilimodzi. Ankakumba pafupi ndi muzu, n'kukwirira, n'kukweranso. Kukwera, kutsika, kukwera, kutsika, zikhadabo mpaka kutha.

Nangondo adamupeza akukumba. "Bambo a Tife, chakudya cha ana mukuchikwirira?"

"Ndikudyetsa mizu, mayi. Ikangolawa pang'ono idzuka."

"Mizu ilibe pakamwa, bambo."

"Nanga nditani? Tandiuza, nditani?"

Nangondo adangokhala pansi pambali pake nalira. Kumwamba ana, posadziwa kanthu, ankasewera akuimba nyimbo ija ya chikopa chomera china. Kamchira adatseka makutu.

Chilimwe chitafika, muula udalibe tsamba ndi limodzi lomwe. Mthunzi udatha, akabawi adayamba kuzungulira, ndipo tsiku lina adatola mwana wa msuweni wa Nangondo mbumba yonse ikuona. Maliro atatha, a Mdzinga adaitana onse.

"Abale, mudzi watha. Makolo athu adausunga mtengo uwu mibadwomibadwo, lero waphedwa ndi mlendo. Ndidanena ine kuti wa kumiyala sadziwa mtengo."

"Alamu," adatero Kamchira, "si inu mudati ndiwapatse khungwa?"

"Ine? Adandimva ndani?"

Onse adawerama. Adamva ndithu, ndipo onse adavina nawo nyimbo ija, koma mlandu ukasowa mwini umagwera mkamwini.

"Mawa ndikutenga mbumba yanga," adapitiriza a Mdzinga. "Tikapempha malo kwa abale athu kutsidya. Kumeneko wopha mitengo sakamulandira, ndipo ine sindingayerekeze kumutchula. Ukwati watha. Inu bwererani kwanu."

"Ndipitikitseni, chabwino, koma ana anga ndiziwaona."

"Ana ake ati? Ana ndi a mlongo wanga."

M'mawa mwake adanyamuka. Nangondo adatsalira m'mbuyo pang'ono, wamng'ono ali kumsana.

"Bambo a Tife, ine sindikukunenani. Ndidalulutira nawo, ndidadya nawo maula aja. Koma kumiyala ana awa sangakhaleko, ndipo achimwene sindingawatsutse. Mundikhululukire."

"Pita bwino, mayi. Uziwauza kuti ndinkafuna kuwasungira mudzi."

Tiferanji adagwira mchira wa bambo wake. "Ababa, tiyeni."

"Tsogola mwananga. Ine ndidikire kaye mtengowu uphuke."

"Uphuka liti?"

Kamchira adayang'ana kumbali. A Mdzinga adakuwa kutsogolo, Nangondo adamukoka mwanayo, ndipo adapita akucheuka mpaka osaonekanso.

Kamchira sadabwerere kumiyala. Adatsala yekha pamtengo woumawo. Khungwa lonse lidakanganuka, nthambi zing'onozing'ono zidagwa, mnofu woyera uja udafumbwa. Koma mtima udaima chilili, wofiira, wolimba, wopanda ndi kachilema komwe.

Tsiku lina adaona a Nungu akudutsa, ataonda, minga yambiri itathothoka. Adatsika msangamsanga.

"Akuluakulu! Akuluakulu, imani! Ndidakunamizani katatu konse. Uja udali mwala, chija chidali chikopa, za mizimu zija ndidapeka. Mtima uja ndi uwu, uli wonse. Lowani, semani, khalanimo. Sindikukanizaninso."

A Nungu adamuyang'ana osakwiya n'komwe.

"Ndikhalemo ndi yani, mphwanga? Titachoka pano ndidakumba kauna kosaya m'mbali mwa khwawa, poti msanawu sukadatha kupitirira apo. Mkazi wanga adachira ana awiri, a minga yokwana, monga udanenera. Mvula yachitatu madzi adalowa. Ndidatuluka ndekha."

Adapitiriza ulendo wawo, pang'onopang'ono.

Kamchira adaima pomwepo mpaka dzuwa lidamuwotcha pamsana. Kenaka adapita kutchire, natola chipatso chimodzi, nabwera nacho patsinde. Adakumba pafupi ndi muzu wakufa, nachikwirira, nayang'ana kunsonga. Adapitanso kukatola china.

Mpaka lero akadachitabe. Mukadzaona gologolo akutsika mumtengo ndi chipatso kukamwa, n'kuchikwirira patsinde, n'kuyang'ana kumwamba, musadzati akusungira njala. Akudyetsa mizu, kuti mwina mtengo uphuke, ana ake abwerere.

Yanga yaumira pamenepa.